Mbale Yozizira ku Santiago: Kodi Mkhristu Adandaule?

Tidafika mumzinda wa Santiago de Compostela, kumpoto chakumadzulo kwa dziko la Spain, miyendo ili yotupa koma mitima ili yodzala ndi chimwemwe. Tidayenda pansi masiku asanu kuchokera ku Sarria, mtunda wopitirira makilomita 100, monga amachitira anthu a paulendo wachipembedzo ofuna kukapemphera pamanda a Yakobe Woyera, mtumwi wa Ambuye. Titatuluka m'Misa ya 12 koloko masana, njala itatigwira, tidaloŵa m'nyumba ina yodyeramo yosatalikirana ndi tchalitchi chachikulu. Pakhomo pake padali chithunzi chokongola cha chakudya chotchuka cha dzikolo, chotchedwa paella.

Paella kwao nku Valencia, kum'maŵa kwa Spain. Ndi mpunga wophikidwa m'chiwaya chachikulu chosazama, wothira zokometsera za saffron zimene zimaupatsa maonekedwe achikasu. Eni ake amaikamo nkhuku, kalulu ndi zitheba, ndipo amanyadira kwambiri nkhoko zake za pansi, zimene iwo amati socarrat. Koma chimene chidafika patebulo pathu, titadikira kopitirira ola lathunthu, sichidafanane ndi chithunzi chija. Mpunga udali wolobodoka, wotentha m'mbali koma wozizira pakati, kusonyeza kuti adangoutulutsa mufuliji nkuutenthetsa mothamanga. Madzi akumwa tidapempha katatu. Pakalata ya ndalama zolipira padalembedwanso botolo la vinyo limene sitidaliwone nkomwe.

Pamenepo mudabuka maganizo aŵiri pakati pathu. Bambo wina, nkhope itachita tsinya, adati timuitane mtsikana woperekera chakudya uja, timkalipire pamaso pa onse kuti atengerepo phunziro. Wina adati iyayi, ife ndife anthu a paulendo wachipembedzo, tingolipira nkumapita, tilandire zimenezi ngati kamtanda kathu. Aliyense mwa aŵiriŵa ankadziwona kuti ndiye akuima pachikhristu. Tsono funso limene takhala tikulisinkhasinkha kuyambira tsikulo nali: kodi mkhristu akalandiridwa moipa pamalo pamene walipira ndalama, achite chiyani?

Tiyambe ndi kukhala chete. Kumawoneka ngati kudzichepetsa, koma kaŵirikaŵiri ndi mantha chabe ovala mkanjo wa ulemu. Munthu woonetsa chithunzi cha chinthu china nkugulitsa china wanama, ndipo wolemba pakalata chinthu chimene sadapereke watenga chamwini. Mpingo umaphunzitsa kuti lamulo lachisanu ndi chiŵiri sililetsa kuthyola nyumba kokha, komanso chinyengo pamalonda. Tikadangochoka mwakachetechete, amene akadalipira kufatsa kwathuko ndi mlendo wa maŵa, mwina wosauka kuposa ife. Mtanda wathu tingathe kuusenza mwaufulu, koma tilibe ufulu wousiyira mnzathu. Nchifukwa chake ngakhale malamulo a ku Spain amafuna kuti malo otere azisunga mapepala olembapo madandaulo, otchedwa hojas de reclamaciones, ndi kuŵapereka kwa aliyense woŵapempha.

Nanga kukalipa? Pano tiyenera kufunsa kuti mkwiyowo ukadagwera yani. Mtsikana uja ankatumikira matebulo onse ali yekha, akuthamanga uku ndi uku, thukuta lili kamukamu. Sindiye adaphika, sindiye adapachika chithunzi pakhomo, sindiye adaganiza zolemba wantchito mmodzi pamalo pofunika atatu. Iye adangokhala pafupi, ndipo mkwiyo umakonda kugwera amene ali pafupi ndi amene sangayankhe. Chomvetsa manyazi nchakuti panali pasanathe maola atatu chilandirire Ukaristia, pamene Ambuye eni ake adatidyetsa osaŵerengera kuyenera kwathu.

Tikayang'anitsitsa, matenda a mwini nyumba yodyeramo ndi matenda athu adali amodzimodzi. M'chaka cha 2023 anthu oposa 400,000 adalandira chikalata chotsimikiza kuti amaliza ulendo wa ku Santiago. Pachinamtindi chotere, nkosavuta kuti wamalonda aleke kuwona nkhope, azingowona zikwama zoyenda: uyu sabweranso, adye zilizonse. Akulu akale adati mlendo ndi mame, kutanthauza kuti timsamale bwino poti sakhalitsa. Wamalonda wosaopa Mulungu amaupotoza mwambiwo, namati popeza mlendo sakhalitsa, palibe chifukwa chomsamalira. Koma nafenso tidali pafupi kuchita zomwezo, kuwona mwa mtsikanayo manja onyamula mbale basi, osati mwana wa munthu. Ndiponso sitidasoŵe cholakwa chathuchathu: tidaitanitsa chakudya cha ku Valencia tili ku Galicia, osafunsa nkomwe chimene eni dera amaphika bwino, monga msuzi wao wa masamba, mbatata ndi nyemba wotchedwa caldo gallego. Tidafuna Spain wa pachithunzi, osati anthu amene tidaŵapeza.

Chonsecho mzinda womwewo uli ndi umboni wa njira ina. Pabwalo la patsogolo pa tchalitchi chachikulu pali nyumba yotchedwa Hostal dos Reis Católicos, imene mafumu Fernando ndi Isabel adalamula m'chaka cha 1499 kuti imangidwe, ikhale yosamaliramo apaulendo odwala ndi otopa. Zaka mazana ambiri izi zisanachitike, Benedict Woyera adalangiza amonke ake kuti azilandira mlendo aliyense monga Khristu mwini. Ndipo Teresa Woyera wa ku Ávila, mwana wa dziko lomwelo, amene adamwalira mu 1582, ankakumbutsa masisitere ake kuti Ambuye amapezeka ngakhale kukhitchini. Ngati zili choncho, kuphikira mlendo ndi ntchito yopatulika, ndipo ndalama zolipira siziifafaniza. Komanso ngati Ambuye ali kukhitchini, ndiye kuti tiyenera kusamala mmene tilankhulira ndi otuluka m'menemo.

Amene adatimasula ndi mayi wina wachikulire wa m'gulu lathu, amene nthaŵi yonseyi adangoti duu. Adapempha bambo mfumu amene tidali nawo, odziŵa Chisipanishi, kuti aŵamasulire. Kwa mtsikanayo adati, "Mwanangu, tawona kuti wagwira ntchito ya anthu atatu. Zikomo. Tiitanire abwana ako." Mwini malo atabwera, mayiwo adampatulira pambali, monga Ambuye atiphunzitsira pa Mateyo 18:15, namufotokozera zonse mosabisa ndi mosakweza mau: za mpunga wozizira, za vinyo wosaperekedwa, ndi za mwana amene akumthodwetsa ndi ntchito. Bamboyo sadapepese ndi mtima wonse. Adangochotsa mtengo wa vinyo, nagwedeza mapewa. Ife tidalemba dandaulo lathu papepala lija, tidalipira zimene tidadya, ndipo mtsikanayo tidampatsa kangachepe m'manja mwake.

Sitinganene kuti tidapambana. Tidatuluka ndi njala yathu, ndipo mwina chithunzi chija chidakali pakhomo. Koma choona chidanenedwa kwa woyenera kuchimva, ndipo wosalakwa sadachititsidwe manyazi. Ziŵirizi, chilungamo ndi chifundo, zimavuta kuzinyamula pamodzi. Ambiri a ife timatola chimodzi chogwirizana ndi chibadwa chathu, nkuchitcha chikhristu.

Nkhaniyi isatsalire ku Spain kokha. Madzulo ano, m'nyumba zathu, wina atiikira chakudya patsogolo: mayi, mwana wamkazi, kapena wantchito. Tsiku lina ndiwo zidzapserera, mchere udzachuluka. Tidzanene zoona ndithu, pakuti chikondi sichinama. Koma tisanatsekule pakamwa, tiyambe tayang'ana nkhope ya amene wanyamula mbaleyo, nkudzifunsa kuti wadzuka nthaŵi yanji, ndipo iye mwini wadya kale kapena ayi.