Nyumba Yakale: Mwini Wace Ndani?

Abale, anthu akaona calici cakale cilikung'ambika, ena amafunsa kuti: Kodi nkwanzeru kukhetsa thukuta pa njerwa zosalankhula, pamene ana athu ali ndi njala ndipo sukulu zao zilikudontha? Funsoli si lacabe iai, ndipo tisalipeputse.

Tiyang'ane kwathu konkuno ku Mbombwe. John Chilembwe atabwera kucokera ku America m'caka ca 1900, anayamba Providence Industrial Mission, ndipo anthu ace anaumba njerwa, namanga calici cacikuru cimene cinatha m'caka ca 1913. Itabuka nkhondo ya Januwale 1915, asilikari a Boma anacigumula, ndipo misoni inakhala yotseka zaka 11. Koma m'caka ca 1926 Dr. Daniel Malikebu, mwana wa sukulu yomweyo, amene anaphunzira udotolo ku America, anabwerera natsegulanso nchitoyo. Ndipo Akristu anamanga calici cina pafupi ndi bwinja lakale.

Anthuwo sanali olemera. Analinso ndi minda yofuna khasu ndi msonkho wofuna ndalama. Nanga anadzibvutiranji? Cifukwa anadziwa kuti nyumba yotere ndiyo mboni. Nkhalamba zimamwalira, mau ao naiwalika; koma khoma likaima, mwana amafunsa kuti, Anamanga ndani? Ndipo poyankha timamuuza za makolo ace. Tikalekerera khoma kuti ligwe, tatseka pakamwa pa akufa.

Tsono wanjala sitimdyetsa njerwa, nzoona. Koma kawirikawiri cimene nyumba yakale ifuna si cuma cambiri: ndico kucotsa ciswe cisanakwere, kukonza ngalande mvula isanadze, kusoka denga pamene padontha, ndi kupaka njereza. Izi zifuna manja, ndipo manja tiri nao.

Lero Boma lawerenga malo a ku Mbombwe pakati pa zikumbutso za dziko, ndipo tithokoza. Koma lamulo la papepala silipha ciswe. Tikati, Boma lidzakonza, kapena, Alendo adzatumiza ndalama, tayesa colowa cathu ngati ca mwini wina. Mwini wace ndife amene tinabatizidwamo, tinakwatiramo, ndi kulirira abale athu momwemo.

Akuru anati mutu umodzi susenza denga. Cotero Sabata likudzali, potuluka m'mapemphero, tisafulumire kunka kwathu. Tizungulire nyumbayo pamodzi ndi akuru a mpingo, tione pamene pang'ambika, ndipo tipangane tsiku.