Usanagule kagalimoto kotsekula denga, mphwanga

Mphwanga, amayi ako andiuza kuti ndalama zimene wasunga ku Johannesburg ukufuna kugulira Mazda MX-5, kagalimoto ka anthu awiri kotsekula denga kaja, ndipo andipempha kuti ndikuletse. Sindikuletsa. Ndi thukuta lako, ndipo kagalimotoko si kachabe: kanatuluka mu 1989, pofika 2016 a Mazda anali atapanga miliyoni imodzi. Koma ndine atsibweni ako, chikakugwera uthenga udzayamba kufika pakhomo panga. Choncho khala pansi umve.

Amayi ako akuopa denga, akuti nsalu singatchinge mutu. Akunena zoona, koma vuto lalikulu silili pamenepo. Mu 2020 bungwe la IIHS la ku America linayerekeza magalimoto amakono otsekula denga ndi anzawo a mtundu womwewo a denga lachitsulo, ndipo linapeza kuti oyendetsa otsekulawo samafa mochuluka kuposa enawo. Opanga amalimbitsa pansi, m'mbali ndi mizati ya galasi la kutsogolo. Chimene chinasiyana n'chakuti mwa omwalirawo, oponyedwa kunja anachulukirapo m'magalimoto otsekula, makamaka galimoto ikagubuduka.

Chimene chimandisowetsa tulo ine ndi kupepuka. MX-5 imalemera makilogalamu pafupifupi 1,000. Hilux ya zitseko zinayi, yomwe yadzaza m'misewu ya kumeneko, imafika pafupifupi 2,000 isananyamule kanthu. Ziwirizi zikawombana maso ndi maso, kugwedezeka kumene yaing'onoyo imalandira kumawirikiza kawiri poyerekeza ndi yaikuluyo, ndipo kumathera m'chifuwa ndi m'khosi mwa munthu ali m'katiyo. Wogulitsa adzakuuza za nyenyezi. N'zoona, a bungwe loyesa chitetezo cha magalimoto la Euro NCAP anaipatsa MX-5 nyenyezi 4 mwa 5 mu 2015. Koma poyesa ankaiwombetsa pa liwiro la makilomita 64 pa ola ku chotchinga choimira galimoto yolemera mofanana nayo. Nyenyezizo zikunena mmene imachitira ikakumana ndi mnzake wa msinkhu umodzi. Pa msewu wa N1 anzake otere udzawapeza angati? Kuli ma bakkie, matakisi odzaza anthu ndi mathiraki opita ku Beitbridge. Katswiri wa mafilimu James Dean anafa pa 30 September 1955 ku California ali ndi zaka 24, Porsche 550 Spyder yake itawombana ndi Ford yaikulu pamphambano. Woyendetsa Ford uja anatuluka ndi timabala chabe.

Kupepukako kumabwera ndi kufupika. Kagalimotoka kutalika kwake kumangopitirira pang'ono mita imodzi ndi masentimita 20. Ukakhala pampando, maso ako amalingana ndi matayala a thiraki. Bampala ya pikiapu ikabwera cham'mbali imafikira pachitseko, pafupi ndi nthiti ndi phewa. Ukagunda thiraki kumbuyo, boneti imene anaikonza kuti ikhwinyate n'kukupulumutsa ikhoza kungolowa pansi, chitsulo cha thirakiyo n'kukumana ndi galasi. Komanso dalaivala ali pamwamba paja nthawi zambiri sakuona ukakhala pambali pake. Usamachedwe pamenepo. Pitirira msanga kapena tsalira kutali, ndipo magetsi aziyaka ngakhale masana.

Tsopano za kugubuduka. Galimoto yaifupi sigubuduka wamba pa tala, koma tayala likaterereka n'kulowa m'ngalande, chilichonse chimatembenuka. A Mercedes anaziganizira izi: SL ya 1989 inali ndi chitsulo chobisika kumbuyo kwa mipando chimene chinkatumphuka chokha m'gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi galimoto ikayamba kupendekeka. MX-5 zoyambirira zija zinalibe kanthu kumbuyo kwa mutu. Eni ake ena amagula timikombero tonyezimira n'kumangirira pamenepo ndi timabawuti. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Timeneto n'tokongoletsa, galimoto ikatigonera timapindika, ndipo tikhoza kupindikira pamutu pako. Roll bar yeniyeni ndi paipi yochindikala yomangidwa ku thupi la galimoto ndi mabawuti akuluakulu, yokhala ndi zochirikiza.

Ukapita kukaiona, tenga ndodo yowongoka, ngakhale mpini wa tsache. Tsitsa denga, khala pampando monga umakhalira poyendetsa, mnzako agoneke ndodoyo kuchoka pamwamba pa galasi la kutsogolo kufika pamwamba pa chitsulo cha kumbuyo. Mutu wako ukhale pansi pa ndodoyo, pakhalenso mpata woti dzanja lilowe. Iwe unatengera msinkhu wa bambo ako, ndiye usanyoze zimenezi. Ndodo ikagunda mutu, galimotoyo si yako.

Ukatero gwada uyang'ane pansi pa zitseko. Galimoto yopanda denga mphamvu zake zili mmenemo, ndipo dzimbiri limayambira momwemo, makamaka ngati inakhalitsa kunyanja, ku Durban kapena Cape Town. Ukaona penti yatsopano pamalo amodzi okha kapena zowotcherera zosalongosoka, funsa zimene zinachitika. Tembenuza kiyi: nyali ya airbag iyake, kenako izime. Ikapanda kuyaka n'komwe, mwina wina anaizula kuti abise vuto. Funsanso chaka, poti dzina lokha silikwanira. BMW Z4 imene a Euro NCAP anaiyesa mu 2015 inapeza nyenyezi 3, ya 2019 inapeza 5.

Lamba sindikambirana nawe. M'galimoto ya denga, wosamanga lamba mwina chitsulo chimubweza. M'menemu palibe chomubweza. Amene wamukweza, kaya ndi bwenzi lako kaya ndani, amange usanalize injini. Mphamvu ya kagalimotoka imapita ku matayala akumbuyo, ndipo mvula ya madzulo ya ku Gauteng ikagwa, kumbuyo kumathawa ukaponda mafuta pokhota. Zakale zilibe makina okubwezera mumzere. Gula matayala abwino onse anayi usanagule wailesi. Kumbukiranso kuti liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya kugunda imawirikiza kanayi.

Ndikudziwa kuti mumtima ukufuna kudzafika nako kuno pa Khirisimasi, denga lili chotsitsa, anthu akuone. Pamenepa pokha ndikukana. Njira ya ku Nyamapanda, Tete mpaka ku Mwanza ndi ya mathiraki ndi maenje. Ukalowa kuno usiku upeza ng'ombe pamsewu, akabaza opanda nyali, ngolo, ndi lole yofa yomwe chizindikiro chake ndi nthambi zobiriwira zoyala pa tala. Ng'ombe ikagundidwa ndi galimoto yaifupi chotere imagwera pa galasi. Kasiye ku Johannesburg, ukwere basi. Ndipo tsiku lokagula, undiimbire foni uli pomwepo usanapereke ndalama, undiuze zimene wapeza pansi pa zitseko.