Dzina Lapakolala Ndi la Yani?

Diresi likatuluka bwino, kodi titame yani: amene analiona m'mutu kapena amene analisoka? Funsoli limamveka lachibwana, komatu ladanitsa anthu amene ankadyera mbale imodzi.

Kwathu ku Phalombe, kaya pa Migowi kaya pa Chiringa, pakhonde la sitolo nthawi zambiri pamakhala awiri. Wina ndi wa diso, wodziwa chitenje choyenera thupi la mwini wake, wogwira tepi ndi sizasi. Winayo amaponda makina mpaka msana kuuma. Koma mkwatibwi akatchena, dzina limatchulidwa limodzi basi. Mnzakeyo anthu amangoti "mnyamata wa atelala uja".

Nkhaniyi si yathu yokha ayi. Ku Italy, Domenico Dolce anakulira m'nyumba ya telala ku Sicily, pamene Stefano Gabbana wa ku Milan anaphunzira zojambulajambula. Ataonetsa zovala zawo zoyamba mu 1985, maina onse awiri anakhala pakolala. Ku Paris zinayenda mwina. Yves Saint Laurent ndi Pierre Bergé anayambitsa kampani yawo mu 1961, wina akujambula zovala, wina akuyendetsa ndalama, koma dziko linaloweza dzina limodzi.

Ndiye tinene kuti Bergé anaberedwa? Ine ndikuti iyayi. Iye anali mwini mnzake wa kampaniyo, ndipo kukhala kuseri anachita kusankha yekha. Apa mpamene pagona nkhani. Kubisala mwakufuna kwako ndi ulemu. Kubisidwa ndi mnzako ndi kuba, ngakhale akulipire mwezi ndi mwezi.

Alipo ena oti ganizo ndilo mwini chovala, manja ndi aganyu chabe. Zoona, wopanda diso angasoke thumba m'malo mwa diresi. Koma taganizani, abale: ganizo losasokedwa analivalapo ndani? Masiku ano kaunjika wadzaza m'misika, ndipo chimene chimabweza kasitomala kwa telala ndi msoko wosamasuka, ntchito ya yemwe sitimutchula uja.

Akulu anati mutu umodzi susenza denga, koma sanatiuze kuti denga likakwera, mthunzi ukhale wa mmodzi. Kugawana ndalama nkosavuta, madzulo mumawerenga nkuthana. Chovuta ndi kugawana mbiri. Wa diso akamayamikiridwa, pakamwa pake pasalemere kunena kuti, "Wasoka ndi mnzangayu."