ZA KUSUNGA ZITHUNZI ZA MAKOLO ATHU

M'nyumba zambiri za kuno ku Chiradzulu muli zithunzi za makolo, zina m'sutukesi, zina pakati pa masamba a Buku Lopatulika. Ndipo pamodzi nazo pali timafilimu takuda tija, timene wojambula atsukirapo cithunzi. Ena a ife afunsa, nati, Kodi Mkristu ayenera kusamala zotere? Nanga lamulo laciwiri silitiletsa mafano? Wakufa apindulanji ndi pepala? Funso ili nlabwino, ndipo tiyesa kuliyankha.

Tiyambe ndi za pa Mbombwe. Mbusa John Chilembwe anayamba nchito ya Providence Industrial Mission m'caka ca 1900, namanga pamodzi ndi anthu ace nyumba ya Mulungu yaikuru ya njerwa. Pa nkhondo ya 1915 boma la Azungu linagumula nyumbayo. Mwini wace anaphedwa pa 3 Febuluwale, naikidwa m'manda opanda cizindikilo. Koma zithunzi zinapulumuka. M. M. Chisuse, wosindikiza mabuku wa ku Blantyre Mission, anamjambula iye ndi banja lace. Cithunzi cina ca 1914 cimuonetsa ataima ndi Mzungu John Chorley, cipewa ciri kumutu, m'masiku amene munthu wakuda anayenera kubvula cipewa pamaso pa Mzungu. Poona cithunzi comweco Samson Kambalu anaumba ciboliboli cimene cinaimikidwa pa Trafalgar Square, ku London, m'caka ca 2022. Ndiponso nkhope imene tiiona pa ndalama ya K2,000 tikadaidziwa bwanji, wina akadapanda kusunga pepala lija?

Pamenepo tiona kusiyana kwace. Fano munthu aligwadira, naliyesa mulungu. Koma cithunzi ndico mboni. Israyeli ataoloka Yordano, Yoswa anaimika miyala 12, si kuti aipembedze iai, koma kuti ana akafunsa tanthauzo lace, makolo awafotokozere zimene Yehova anacita. Cithunzi ca agogo pa tsiku la ukwati wao kapena la ubatizo ndico mwala wotere. Cikumbutsa mdzukulu kuti sanamere yekha monga bowa.

Koma mboni yosadziwika dzina siithandiza mlandu. Nkhalamba imene izindikira nkhope zonse ikagona, cithunzi cisanduka pepala cabe. Cifukwa cace tisazengereze: tikhale pansi ndi akuru akali moyo, tilembe kuseri kwa cithunzi dzina, mudzi ndi caka, tilembe ndi pensulo, pakuti inki ilowerera niononga nkhope.

Timafilimu tija tisatitaye poyesa kuti n'zinyalala. Tifanana ndi mbeu yosungidwa pa tsindwi: cithunzi cikang'ambika, pa filimu atsukanso cina. Tigwire m'mphepete mokha, pakuti thukuta la cala lisiya banga losafafanizika. Adani ace ndiwo cinyezi, kutentha, dzuwa, ciswe ndi mphemvu. Motero tiike ciri conse m'emvulopu yace, m'citini cotsekeka bwino, pamalo ouma, kutali ndi moto ndi pansi. Comweconso ticite ndi tizithunzi tating'ono toonetsa pakhoma ndi nyali.

Ndipo tisasunge zonse pamodzi. Namondwe Freddy, m'mwezi wa Malichi 2023, anakokolola nyumba m'boma lathu lino, ndi zonse zinali m'menemo. Mwana wokhala ndi foni ajambule zithunzi zakalezo, natumize kwa abale a ku Limbe kapena ku Joni, kuti cikatayika kuno cipezeke uko.

Ena akaniza abale ao cithunzi ca mai, nati ncanga, ici sicikoma. Ife sitiri eni, tiri adindo cabe. Cuma cimeneci tacilandira kwa amene anatsogola, kuti ticipereke kwa ana amene sanabadwe. Kulemekeza atate ndi amai sikutha pa tsiku la maliro. Tiyeni, mwezi uno usanathe, titsegule masutukesi athu, tiitane agogo, tiyambe kulemba maina.