Kodi Mwazi Wathu Tiupereke kwa Ofufuza?

Abale a m'makomboni ndi m'mahositelo, pali funso limene likufika kwa anthu a mu Africa masiku ano, ndipo tsiku lina lidzagogoda pa khomo lathu. Munthu wa cipatala akapempha mwazi wathu pang'ono, wosati kuti aticiritse ife lero, koma kuti akaufufuze, coyenera nciti, kubvomera kapena kukana?

Tiyambe ndi cimene iwo afuna m'mwazimo. M'thupi la munthu ali yense muli malembo a cibadwa, amene ophunzira amati DNA. Mwana alandira theka kwa amace, theka kwa atate wace. Anthu awiri ali onse alingana pa zilembo 999 mwa 1,000, koma cimodzi cotsalaco ciri ndi nchito yaikuru. Ndico cicititsa kuti mankhwala amodzimodzi aciritse uyu ndi kusautsa uyo. Madotolo tsopano afuna kupatsa wodwala mankhwala ndi muyeso woyenera cibadwa cace, monga telala ayamba wayesa munthu asanadule nsaru.

Citsanzo tiri naco pafupi. Ambiri adziwa efavirenz, mankhwala a kacirombo ka HIV amene anayamba kugwira nchito m'caka ca 1998. Ciwindi ndico cimaswa mankhwalawa ndi kuwacotsa m'thupi, koma pali anthu amene ciwindi cao cicita nchitoyi mocedwa, ndipo cibadwa cotere cipezeka kwambiri pakati pa ife a mu Africa koposa Azungu. Kwa otere mankhwala aja aunjikana m'mwazi, nabweretsa cizungulire ndi maloto oopsa. Cizungulire si kanthu kakang'ono kwa munthu wotsikira pansi m'bandakuca. Pofika 1998 muyeso unali 600 mg, ndipo kunali mu 2014 pamene kufufuza kwina kunaonetsa kuti 400 mg icita nchito yomweyo. Kuyambira 2019 Malawi ndi South Africa anasamutsira odwala ambiri ku dolutegravir, koma zaka za pakatipo anthu anazipirira, ndipo ena anasiya kumwa, nachedwa osamvera.

Gwero la bvutoli ndi kaundula. Ife alembi tidziwa kuti munthu amene dzina lace mulibe m'buku salandira malipiro, angakhale wagwira nchito mwezi wathunthu. Mu 2009 ophunzira anawerenga anthu onse amene cibadwa cao cinafufuzidwa pofuna magwero a nthenda, napeza kuti 96 mwa 100 anali a mtundu wa ku Ulaya. Mu 2016 anawerenganso: a ku Ulaya 81, a mtundu wa mu Africa 3 okha, ndipo ambiri mwa atatuwo anali akuda a ku America. Cozizwitsa ncakuti mu Africa muno ndimo muli kusiyana kwa cibadwa kocuruka koposa dziko lonse lapansi. Anthu anayambira kuno, ndipo amene anaturuka kunka ku maiko ena anatenga gawo lokha, monga mnyamata wopita ku migodi anyamula sutukesi imodzi, katundu yense wa banja natsala kumudzi. Mu 2020 a bungwe la H3Africa anaona cibadwa ca anthu 426 okha a mitundu 50, napeza kusiyana koposa 3 miliyoni kumene sikunalembedwe ndi kale lonse.

Wina anganene kuti nkhani yatha, tiyeni tipereke mikono. Komatu ife a m'migodi tiri ndi cifukwa ca kukaika, ndipo amene atiyesa mbuli cifukwa ca kukaikako sadziwa mbiri yathu. Matupi a anchito a m'migodi akhala akuyesedwa kwa zaka zoposa 100. Mu 1911 Sir Almroth Wright anayesa katemera wa cibayo pa zikwi za anchito akuda m'migodi ya golide ya Johannesburg, m'masiku amene wanchito wakuda sanali munthu wofunsidwa maganizo. Amuna ocokera kumpoto anali kufa ndi cibayo kotero kuti mu 1913 boma linaletsa kuwalemba nchito. Pambuyo pace, pakati pa 1988 ndi 1992, Amalawi ngati 13,000 anabwezedwa kwao kucokera ku migodi ya South Africa, ndipo cifukwa cimene cinanenedwa cinali cakuti ena mwa iwo anapezeka ndi HIV. Mwazi unatengedwa, nchito inatha. Mapapo a anchito anajambulidwa caka ndi caka, koma cipukutamisozi ca nthenda ya pfumbi ndi cifuwa cacikuru cinacita kulimbidwira pa bwalo la milandu, kufikira mu 2019 pamene bwalo linabvomereza R5 biliyoni. Ambiri anali atagona kale.

Tsono tinene poyera: kukana ndi ufulu wa munthu, ndipo wokana sanalakwire wina ali yense. Thupi ndi lace. Koma tifunsenso kuti kukana kwathu kupweteka yani. Makampani a mankhwala sadzagona ndi njala cifukwa ca ife. Adzapitirira kuyesa pa amene ali m'buku, natigulitsa zimene zaturuka. Amene adzamwa muyeso wa eni ace ndi ana athu ndi adzukulu athu. Ici ndico citilemetsa mtima, pakuti mantha athu ali ndi maziko, koma mphotho ya manthawo igwera athu omwe.

Palinso cina cobvuta. Mu 2005 ofufuza a ku Dallas anapeza kuti akuda ena a mumzindamo ali ndi cibadwa cimene cisunga mafuta oipa a m'mwazi ocepa kwambiri, nciwacinjiriza ku nthenda ya mtima. Nzeru imeneyi inathandiza kupanga mankhwala atsopano amene anaturuka mu 2015, pa mtengo wa madola ngati 14,000 pa caka. Cibadwa ca akuda cinathandiza dziko, ndipo nzabwino. Koma ndani wa ife akanagula? Wolima munda ndi wina, wodya nsima ndi wina: zoterezi tinaziona kale. Cifukwa cace sitikhutira ndi mau akuti tilowe m'buku basi. Kulowa kuyenera kukhala kwa pangano, ndipo pangano limanga mbali zonse ziwiri.

A mtundu wa San a ku South Africa, amene afufuzidwa kwambiri koposa ife, anatisonyeza njira. Mu 2017 analemba malamulo ao ao a ofufuza, kuti wofuna kanthu kwa iwo adze ndi ulemu, anene zoona, ndipo phindu lifike kwa eni mwazi. Sanatseke citseko, koma anaika mlonda. Ifenso tingathe kucita cimodzimodzi. Wofufuza alankhule nafe m'cinenero cathu, iye mwini, wosati kudzera mwa kapitao kapena bwana, pakuti pempho la bwana limveka ngati lamulo kwa munthu amene kontalakiti yace iri m'manja mwa bwanayo. Atiuze kumene mwazi udzasungidwa, ngati udzaoloka nyanja, ngati dzina lathu licotsedwa, ndi ngati kampani ya mgodi idzaona zoturukamo. Akalephera kuyankha funso lomarizali momveka, tibweze pepala lace. Akayankha zonse bwino, ife tiganiza kuti kubvomera ndi nchito yabwino, yofanana ndi kubzala mtengo wa mango umene mwini sadzadyako.

Catsala cimodzi cimene mapepala a ofufuza sacilingalira mokwanira. Pa pepala pali mzere umodzi wa dzina limodzi, ngati kuti mwazi ndi wa munthu yekha. Koma malembo a cibadwa cathu ali mwa alongo athu, mwa ana ao ndi mwa ana athu. Amene awerenga athu wawerengako ndi ao, iwo osafunsidwa, ali phee kumudzi ku Dedza kapena ku Katete. Kwathu mwamuna sapereka munda wa mbumba popanda kuuza eni mbumba. Cotero pepala lotere likafika, palibe cangu ca kusaina tsiku lomwelo. Tipemphe masiku, tiwerengetse mnzathu wodziwa Cingelezi, ndipo pa Sabata madzulo tiyimbe foni kwa amalume ndi kwa alongo athu, tiwauze cimene tapemphedwa.