Magazi a ku Wimbe ndi Mafupa a ku Hora

M'chaka cha 2019 anthu a m'midzi ina ya kwa Mfumu Wimbe, kuno ku Kasungu, analandira alendo obwera ndi pempho lovuta. Anali akatswiri a ku Bunda, ku sukulu ya ukachenjede ya LUANAR, pamodzi ndi anzawo a ku London ndi ku Nottingham. Ankafuna kugawa ufa waulere wokwanira banja lonse kwa masabata angapo, ndipo iwo ankapempha magazi pang'ono a amayi 180 ndi ana a msinkhu wa sukulu 180, kafukufuku asanayambe komanso atatha. Mabanja ena akanalandira ufa wa chimanga cholimidwa mwapadera, ena ufa wamba, ndipo panalibe wodziwa kuti thumba lake ndi la mtundu uti, ngakhale ogawawo.

Tisanapitirire, aliyense wa ife adzifunse mumtima: akanati odi pakhomo panga, kodi ndikanatambasula mkono wa mwana wanga?

Chimene alendowo ankafufuza ndi umodzi mwa michere ya m'nthaka wotchedwa seleniyamu. Thupi limaufuna wochepa kwambiri, koma ukasowa chitetezo cha thupi chimafooka ndipo chithokomiro sichigwira bwino ntchito. Timaupeza m'chakudya, ndipo chakudyacho chimautenga m'dothi. Vuto ndi lakuti dothi la madera ambiri a dziko lathu ndi la asidi, ndipo dothi lotere limachimana chimanga mcherewu. Mu 2011 Allan Chilimba ndi anzake anaonetsa kuti chimanga cha m'dothi lina la kuchigwa cha Shire chimakhala ndi seleniyamu wochuluka pafupifupi kakhumi kuposa cha m'madera ena ambiri. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi oposa theka a msinkhu wobereka ali ndi seleniyamu wochepa m'magazi. Choncho munthu akhoza kukhuta nsima, nkhokwe ili yodzaza, thupi lake lili ndi njala imene iye sakuimva. Dziko la Finland linali ndi vuto lomweli, ndipo mu 1984 linayamba kuthira mcherewu mu feteleza. Akatswiri athu ankafuna kudziwa ngati njira yotereyi ingathandize anthu odya nsima.

Cholinga chinali chabwino, koma anthu anachita mantha. Ofufuzawo analemba okha zimene anamva m'midzi: ena ankaopa kuti magazi akagwiritsidwa ntchito yoipa, ena kuti ufawo uli ndi mankhwala oletsa kubereka.

N'chapafupi kwa ife amene tinapondako m'kalasi kunena kuti umenewu ndi umbuli. Ine sindigwirizana nazo. Taganizani za mlimi wa fodya wa kuno. Amafesa nazale dzuwa likuswa mtengo, kuthirira ndi khasu ndi ndowa, kuwokera, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, kusankha tsamba ndi tsamba, kudinda belo. Beloyo ikafika ku Chinkhoma kapena ku Kanengo, anthu oyenda mofulumira pamzere amaiika pa mtengo m'kanthawi kochepa. Iye amalandira kapepala kodzaza ndi zochotsera, ndipo kumene tsamba lake limakathera sadzakuona. Munthu ameneyu anaphunzira kuyambira ali mwana kuti mlendo wobwera ndi sikelo ndi mapepala amatenga chinthu, ndipo phindu lake limakaonekera kutali. Ndiye tsiku lina mlendo apemphe magazi m'malo mwa fodya. Mlimiyo akafunsa kuti akupita kuti ndipo adzapindula ndani, wafunsa funso la munthu wanzeru. Cholakwika chimakhala yankho limene mphekesera imamupatsa.

Ndipo yankho la mphekesera limapha. Mu September ndi October 2017, ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi madera oyandikana nawo, anthu osachepera 9 anaphedwa powaganizira kuti ndi anamapopa, mpaka bungwe la United Nations linayamba lachotsa antchito ake m'maboma ena. Palibe namapopa ndi mmodzi yemwe amene anapezeka. Anaphedwa ndi anthu, ophedwa ndi anthu anzawo amene anamva nkhani n'kuipereka kwa wina osaifufuza. Timakonda kunena m'magulu athu kuti munthu aliyense ayenera kufufuza choonadi payekha, osangotengera za m'maluwa. Mawu amenewa ndi okoma pa nkhani za uzimu. Amayesedwa kwenikweni pa chitsime, pamene mnzako akunong'oneza kuti galimoto yoyera ija yabweranso.

Ku Wimbe zinthu zinayenda mwina. Ofufuza sanangobwera ndi singano. Anakhala pansi ndi mafumu ndi anthu awo, anatenga nthumwi za m'midzi kukaona chimangacho ku Bunda, ndipo anaphika nsima ya ufa womwewo n'kudyera limodzi ndi eni mudzi. Pa zonsezi, ine ndimaona kuti nsimayo ndi imene inalankhula kwambiri. Kwathu kuno wokupatsa madzi kapena thobwa amayamba walawa yekha. Pepala la chilolezo limalankhula kwa wodziwa kuwerenga, koma mbamu imene mlendo wameza iwe ukuona imamveka kwa aliyense. Masabata 8 atatha, seleniyamu wa m'magazi a amene anadya ufa wapaderawo anali atawonjezeka pafupifupi kawiri, kwa amayi ndi ana omwe, pamene wa enawo sanasinthe kwenikweni. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 2022.

Tinganene kuti nkhani yatha bwino: anthu anavomera, palibe anavulala, dziko laphunzirapo kanthu. Koma pali mfundo ziwiri zimene sizindipatsa mtendere.

Yoyamba ndi ya chilolezo. Wimbe ndi dera limene linaona njala ya 2002 ndi maso. William Kamkwamba, mnyamata wa makina a mphepo uja, ndi wa komweko, ndipo anasiya sukulu pa nthawi imeneyo. Kwa banja lokumbukira masiku odya gaga ndi zitsa za nthochi, kukana ufa waulere wa miyezi iwiri si chinthu chopepuka. Kodi inde wa munthu wosowa amalemera chimodzimodzi ndi inde wa munthu wokhuta? Sindikunena kuti ofufuza ananyenga aliyense. Ndikunena kuti chidindo cha chala pa pepala sichitseka mlandu wonse.

Yachiwiri ndi yaikulu. Ufa unatha, anthu anabwerera ku chimanga cha m'minda yawo, cha m'dothi lomwe lija. Nzeru imene inatuluka m'mitsempha yawo tsopano ili m'magazini a sayansi, m'Chingerezi. Nzeru imeneyi ine ndimaiona ngati ngongole. Wofufuza amabwereka thupi la munthu kuti adziwe chinthu, ndipo chobwereka chimabwezedwa. Ufa wa masabata 8 unali chipangizo cha kafukufuku, sunali malipiro. Ngongole imabwezedwa pamene chodziwikacho chabwerera kwa eni ake m'chilankhulo chawo, ndiponso pamene chasintha kanthu m'thumba la feteleza limene mlimi amagula. Gawo lalikulu la ngongoleyi silili m'manja mwa ofufuza. Lili kwa opanga malamulo, kwa ogulitsa feteleza, ngakhalenso kwa ife amene tawerenga tsamba lino ndipo tsopano tikudziwa zimene mnansi wathu sakudziwa.

Komabe anthu a ku Wimbe anali ndi pakamwa. Akanatha kukana, kufunsa, kapena kusiyira panjira. Pali ena amene sayansi yawatenga kanthu m'thupi iwo alibe mwayi wonena chilichonse.

Tikachoka ku Kasungu kulowera kumpoto, m'boma la Mzimba muli phiri la Hora, kumene Angoni amachitira mwambo wa Umthetho. M'munsi mwa thanthwe lina paphiripo, J. Desmond Clark anafukula mafupa a anthu awiri mu 1950. Ena anapezeka ku Fingira pa Nyika ndi ku Chencherere ku Dedza. Patapita zaka zambiri akatswiri anapeza njira yowerengera DNA, uthenga wa chibadwa umene timalandira kwa makolo, kuchokera m'mano ndi m'fupa lolimba la m'kati mwa khutu. Kuti awerenge amaboola fupalo n'kupera kachidutswa kukhala ufa, ndipo kachidutswako sikabwereranso. Mu 2017 Pontus Skoglund, Jessica Thompson, David Reich ndi anzawo anafalitsa zimene anapeza mwa anthu 7 a m'malo atatuwa, amene anakhalako pakati pa zaka 8,100 ndi 2,500 zapitazo. Mu 2022 anawonjezerapo makanda awiri a ku Hora komweko, oikidwa m'manda zaka pafupifupi 14,000 ndi 16,000 zapitazo.

Anthuwa anali alenje ndi otola zipatso. Chibadwa chawo chinali pafupi ndi cha Asani a kumwera kwa Africa, ndipo mbali ina chinkafanana ndi cha Ahadza a ku Tanzania. Anakhala m'dziko lino zaka zikwizikwi. Koma ofufuza atayerekeza DNA yawo ndi ya Achewa, Atumbuka, Ayao ndi Angoni a lero, sanapeze chizindikiro chooneka chakuti ife tinachokera mwa iwo. Makolo athu, alimi ndi osula zitsulo, anafika kuno zaka zosapitirira 2,000 zapitazo, ndipo mzere wa eni dziko oyambawo unazimirira.

Agogo athu anali atatiuza kale mbali ina ya nkhaniyi. Ankasimba za Akafula, anthu aafupi amene makolo anawapeza kuno, aja ofunsa kuti mwandionera pati. Zojambula zofiira za pamatanthwe a Chongoni, amene UNESCO inawaika m'kaundula wake mu 2006, akatswiri amati n'za anthu amenewa, ndipo m'nkhalango yathu ya Kasungu mulinso zojambula za pamiyala. Nthano ndi labotale zagwirizana kuti tinapeza anthu. Zimenezi ziyenera kutiziziritsa pang'ono tikamakangana za amene ali mwini nthaka ndi amene ali obwera. Mchewa, Mtumbuka ndi Mngoni amasiyana tsiku lofika basi.

Tsono funso lathu lija likubweranso molimba. Pa maliro timafunsa mwinimbumba. Nanga mwana wa zaka 16,000 wa ku Hora, amene mbumba yake inatha, chilolezo chomuboola fupa apereke ndani? Mwa lamulo amapereka ndi boma, kudzera ku nthambi yoyang'anira zinthu zakale, ndipo akatswiri a nthambiyo anagwira nawo ntchitoyi, monganso anthu a m'midzi yozungulira phirilo amathandiza nawo kufukula. Zimenezo n'zoyenera. Koma lamulo likayankha, chikumbumtima chimafunsabe. Wina anganene kuti popeza si abale athu, mafupawo ali ngati miyala ndi mapale, chuma cha sayansi basi. Winanso anganene kuti akufa asakhudzidwe n'komwe. Ndikatsatira woyambayo, ndiye kuti ulemu wa munthu umathera pamene pathera ubale wa magazi, ndipo mwana wamasiye kapena mlendo wofera panjira alibe wake. Ndikatsatira wachiwiriyo, anthu amenewa akhala oiwalika mpaka kalekale, pakuti mafupa awo ndiwo mawu okha amene anatsala nawo.

Mwambo wathu wa maliro ukhoza kutithandiza apa. Munthu akamwalira, anamfedwa sakumba manda. Amakumba ndi adzukulu, anthu amene si a m'banjamo. Iwo ndiwo amakonza thupi, kulinyamula ndi kuliika. Amaligwira ndi manja, amachita zinthu zimene wachibale sangapirire kuchita, nthawi zina mpaka nthabwala amachita, koma pali malire amene sadumpha. Satenga chimene sanapatsidwe. Sasiya manda ali pululu. Akamaliza amabwerera kumudzi kukanena kuti ntchito yatha. Makolo athu anaona kuti thupi la munthu likhoza kusungitsidwa kwa mlendo, ndipo mlendoyo ali ndi udindo ngakhale palibe magazi owalumikiza.

Ndikuganiza kuti kwa akufa a ku Hora, Fingira ndi Chencherere, ife tonse, wofufuza wa ku Harvard ndi mlimi wa ku Chulu, ndife adzukulu. Tingawakhudze, pakuti pali chifukwa chabwino chowakhudzira. Koma tiboole pochepa pamene pakufunikira, tidziwe kumene fupa lililonse likusungidwa ndi amene akulisamala, ndipo tiwatchule ngati anthu. Makanda awiri aja sanatayidwe kutchire. Wina anakumba pansi pa thanthwe n'kuwagoneka bwino, ndipo ayenera kuti analira monga amalirira mayi wa ku Santhe lero.

Chovuta ndi mbali yomaliza ya ntchito ya adzukulu, yobwerera kumudzi kukanena. Ku Wimbe eni magazi alipo, ndipo wofuna kuwauza zotsatira akhoza kuwapeza pa bwalo la mfumu. Ku Hora kulibe namfedwa wodikira uthenga pa siwa. Amene alipo ndi ana a m'masukulu a m'munsi mwa phirilo, olankhula Chitumbuka, amene amadyetsa mbuzi pafupi ndi thanthwe limene pansi pake panagona ena mwa anthu akale kwambiri a mu Africa amene DNA yawo inawerengedwapo. M'gulu lathu lino muli aphunzitsi, muli alangizi a zaumoyo, muli amene amatsogolera makalasi a ana Loweruka. Tikambirane kuti nkhani ya seleniyamu tingaifotokoze bwanji kwa mayi wosadziwa kuwerenga popanda kumuchititsa mantha ndi nsima yake, komanso kuti mwana akatifunsa kumene Akafula anapita timuyankha chiyani.