Kodi Kuvota Mosadziwa Ndi Mlandu?

Chisankho chikamayandikira, atsogoleri a mipingo ndi a mizikiti amatikumbutsa kuti tikalembetse mayina ndiponso kuti tikaponye voti mwamtendere. Uphungu wake ndi wabwino, koma pali funso lomwe limatsala panjira, mwina chifukwa limakhudza m'busa ndi nkhosa zomwe. Munthu amene walawirira, waima pamzere, n'kuchonga chipani chomwe sakudziwa chimene chikufuna kuchita ndi misonkho, feteleza, ngongole za boma kapena mankhwala m'zipatala, kodi wakwaniritsa udindo wake? Ine ndikuti walakwa, ngati mpata wodziwira unalipo koma iye n'kuunyozera. Zotsatira za voti sizigwera wovota yekha. Zimagwera mwana wosafika zaka 18 yemwe alibe mawu pachisankho, wodwala yemwe walephera kufika pamalo ovotera, ngakhalenso mnansi yemwe wavotera chipani china. Zimene timachita pa moyo wa anthu ena zimafuna chisamaliro choposa zimene timachita pa moyo wathu.

Anthu oganiza mozama, kuyambira Aristotle mpaka Thomas Aquinas, adasiyanitsa kusadziwa kumene munthu sakanatha kukupewa ndi kusadziwa kochita kufuna. Koyambako kumachotsa mlandu, kwachiwiriko ayi. M'chaka cha 1877, katswiri wa masamu wa ku England, W. K. Clifford, adapereka fanizo la mwini sitima yapamadzi yokalamba yemwe ankaikayikira, koma m'malo moiyeza adangodzilimbitsa mtima kuti ifika bwino, naikweza anthu, ndipo idamira. Mfundo ya Clifford inali yoti ngakhale sitimayo ikadafika, mwiniyo akadakhalabe wolakwa, popeza chikhulupiriro chake sichidachokere m'kufufuza. Wovota amene watsatira chipani chifukwa mtsogoleri wake ndi wakwathu, kapena chifukwa nyimbo zake zapamsonkhano zimavinitsa, akhoza kupeza boma labwino mwamwayi, koma mwayiwo sumuyeretsa.

Kumvetsa mfundo za chipani sikutanthauza kuloweza malonjezo ake. Malonjezo amafanana pafupifupi m'zipani zonse, ndipo palibe chipani chidaimapo pansanja kulonjeza njala. Kumvetsa kumayamba pomwe munthu wafunsa kuti ndalama zake zichokera kuti, ndipo n'chiyani chisiyidwe kuti ichi chitheke. M'chaka cha 1994 chipani cha UDF chidalonjeza maphunziro aulere a pulayimale, ndipo chidakwaniritsa. Chiwerengero cha ana chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni, chinthu chomwe ndimachiona chabwino mpaka lero. Koma zipinda zophunziriramo zidachepa, ana ambiri adaphunzirira pansi pa mitengo, ndipo boma lidalemba mwachangu aphunzitsi masauzande ambiri omwe anali asanapite ku koleji ya uphunzitsi. M'chaka cha 2020 mgwirizano wa Tonse udalonjeza thumba la feteleza pa K4,495, ndipo chaka choyamba alimi adagula pamtengo umenewo. Chaka chotsatira mtengo udafika pa K7,500, kenako pa K15,000, ndipo chiwerengero cha opindula chidayamba kuchepa. N'zoona kuti mtengo wa feteleza udakwera padziko lonse, makamaka nkhondo ya Russia ndi Ukraine itabuka mu 2022, ndipo kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 komanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Koma kuti feteleza timagula kunja ndi ndalama zakunja, zomwe dziko lino limazipeza movutikira kudzera mu fodya ndi mbewu zina zochepa, zinali zodziwika chisankho chisanachitike. Akuluakulu adati lonjezo lidadulitsa mutu wa Yohane. Herode adalonjeza paphwando, pamaso pa anthu omuchemerera, asanawerenge mtengo wake, ndipo amene adalipira anali munthu wina yemwe paphwandopo panalibe.

Chotsutsa champhamvu kwambiri n'chakuti manifesito ndi pepala chabe lomwe silimanga aliyense. Pali choonadi apa. Gawo 64 la malamulo oyendetsera dziko, lomwe linkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe, aphungu eniake adalichotsa mu 1995. Bingu wa Mutharika adapambana mu 2004 pa tikiti ya UDF, koma mu 2005 adatuluka n'kuyambitsa DPP, ndipo amene adavotera chipani adapezeka kuti akulamulidwa ndi china. Ndiye kuwerenga kupindulanji? Phindu lake limaoneka pachisankho chotsatira. Khoti silingazenge mtsogoleri mlandu wophwanya lonjezo la pakampeni, choncho woweruza yekhayo ndi wovota, ndipo woweruza yemwe sadamve chimene chidalonjezedwa alibe poyambira. Andale amalonjeza mosasamala chifukwa amadziwa kuti ochepa okha ndiwo adzakumbuke. Komanso mfundo za chipani sizili m'buku lokha. Zili m'zimene chidachita chili m'boma, m'mene aphungu ake adavotera pa ndondomeko ya zachuma, ndi m'mene chimachitira ndi membala wake akagwidwa ndi katangale. Zimenezi n'zovuta kuzibisa kuposa mawu apansanja.

Wina anganene kuti ndikusenzetsa katundu anthu osauka, pomwe mamanifesito ambiri amatuluka m'Chingerezi, amakhazikitsidwa m'mizinda, ndipo mayi wa ku Nsanje kapena ku Chitipa sadzaliona bukulo. Apa mlandu sukhala pa mayiyo, chifukwa kusadziwa kwake si kochita kufuna. Umasamukira kwa zipani zomwe zimasankha kugawa nsalu ndi ndalama m'malo mofotokoza, ngakhale lamulo la zipani la 2018 lidaletsa kupereka mphatso zokopera mavoti, ndiponso kwa ife odziwa kuwerenga omwe timathera nthawi ya kampeni tikunyozana pa Facebook. Koma tisapeputse anthu akumudzi. Kalata ya maepisikopi a Katolika yomwe idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992 idakamba za malipiro ochepa, kusowa kwa mankhwala, mavuto a sukulu ndi kutsekera anthu popanda kuwazenga mlandu, ndipo anthu wamba adaimva bwino lomwe. Pa 14 Juni 1993, pa referendamu yosankha pakati pa nyali (zipani zambiri) ndi tambala wakuda (chipani chimodzi), anthu oposa 60 pa 100 alionse adasankha zipani zambiri. Zigawo zidavota mosiyana, sindikukana, koma funsolo linali la kayendetsedwe ka dziko, ndipo lidafotokozedwa m'zilankhulo zomwe anthu amamva.

Chotsutsa chomaliza chimamveka kwambiri m'mapemphero: Mulungu ndiye amaika atsogoleri, ife tingopemphera. Amene amatero awerengenso chaputala 8 cha buku loyamba la Samueli. Aisraeli atapempha mfumu, Mulungu adalamula Samueli kuti ayambe wawafotokozera zimene mfumuyo idzawatengere: ana awo aamuna kunkhondo, minda yawo yabwino, ndi limodzi la magawo khumi a zokolola. Anthuwo adachenjezedwanso kuti tsiku lodzalira chifukwa cha mfumu yodzisankhira okha sadzayankhidwa, ndipo adamva, koma adaumirirabe. M'nkhaniyi pemphero silidalowe m'malo mwa kumva mtengo wa chisankho.

Pempho langa likupita kwa abusa, ansembe ndi mashehe, popeza ndiwo amakumana ndi Amalawi ambiri sabata iliyonse. Musatiuze woti timuvotere. Itanani onse opikisana m'dera lanu pabwalo limodzi, lonjezo lililonse alifotokoze m'chilankhulo cha anthu pamodzi ndi kumene ndalama zake zichokere, ndipo mlembi wa mpingo alembe mayankhowo n'kuwasunga kufikira chisankho chotsatira.